Sukulu ya zisudzo imene ankaitcha "Trauma Centre": inasula James Bond, lero kulibe

[Wofotokoza wakhala pampando, kumbuyo kwake kukuoneka phiri la Ndirande]

Imani kaye, chala chimenecho chisapitirire. Mu 1963 aphunzitsi a zisudzo ku London anasemphana maganizo ndi mabwana awo, anatuluka pageti, ophunzira n'kunyamula zikwama kuwatsatira. Anakapeza tchalitchi chakale cha Methodist n'kuyambamo sukulu yawoyawo. M'tchalitchi chimenecho munadzatuluka James Bond mmodzi, munatuluka munthu amene anakapata mphoto ya Oscar, munatulukanso ena ambiri amene mumawaonera m'mafilimu osadziwa kuti anaphunzira malo amodzi. Sukuluyo dzina lake Drama Centre London. Lero kulibe, inatsekedwa.

Moni nonse, kuno ndi ku Blantyre, chiperoni chagwa kuyambira dzulo, ndiye mukamva mawu akusasa musadabwe. Lero ndikuuzani mmene sukuluyi inayambira, zimene inkaphunzitsa, ndi mmene inathera. Koma pakati pa vidiyoyi pali bodza lina limene lakhala likundiwawa kuyambira ndili Fomu 3, ndipo ndikafika pamenepo sindithamanga ayi. Amene mwabwera koyamba dinani subscribe panopa, chifukwa ndikudziwa kuti kumapeto mudzakhala mutaiwala kapena bandulo itatha.

Choyamba, inayamba bwanji. Apa ndithamanga.

Ku London kuli sukulu yakale yotchedwa Central School of Speech and Drama. Anaiyambitsa mayi Elsie Fogerty mu 1906, ndipo akatswiri ngati Laurence Olivier ndi Judi Dench anadutsa kumeneko. Taonani dzinalo: mawu oti "speech", kutanthauza kalankhulidwe, ali patsogolo. Inkatchuka ndi kusula mawu, kapumidwe, katchulidwe koyera. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 kunali aphunzitsi ena kumeneko amene ankaona kuti mawu okoma paokha sakwanira: John Blatchley, Christopher Fettes, ndi Yat Malmgren. Kusemphana kunakula, mu 1963 anachoka, gulu la ophunzira linawatsata, basi sukulu yatsopano yabadwa mumsewu wa Prince of Wales Road ku Chalk Farm, kumpoto kwa London.

Kuti muone kutalika kwa nthawiyo, 1963 ndi chaka chimene Dr Kamuzu Banda anakhala nduna yaikulu ya Nyasaland, chitaganya chinatha pa 31 Disembala chaka chomwecho. Ndi chakanso chimene anabadwa Du Chisiza Jr. Dzina limenelo lisungeni, tibwererako.

Chachiwiri, ankaphunzitsa chiyani. Ine ndimati sukuluyi inakhala pa mafuwa atatu.

Fuwa loyamba ndi Konstantin Stanislavski, wa ku Russia, amene mu 1898 anayambitsa Moscow Art Theatre pamodzi ndi mnzake Nemirovich-Danchenko. Njira yake inafika ku Drama Centre kudzera kwa aphunzitsi ngati mayi Doreen Cannon, wa ku America, amene anaphunzira kwa Uta Hagen ku New York. Mutu wa njirayi ndi wosavuta kuunena koma wovuta kuuchita: wazisudzo asakwere pasiteji kukaonetsa chisoni kapena mkwiyo. Akwere akudziwa chimene munthu amene akumuyerekezayo akufuna, chimene chikumutsekereza, ndi chimene achite kuti achipeze.

Tiyerekeze. Mtsikana wapita kwa amalume ake ku Chilobwe kukapempha fizi, sukulu ikutsegulira Lolemba. Wazisudzo wosaphunzira angolowa, n'kugwa pansi, n'kuyamba kulira. Koma mtsikana weniweni satero. Afika, agwada, apereka moni, afunsa za mwendo wa azakhali uja unkapweteka. Atenga tsache n'kusesa pakhonde posatumidwa. Amalume akutsegula wailesi dala, akudziwa chimene chabwera. Mtsikanayo akudikira nyimbo ithe. Misozi ili pafupi koma akuibweza, chifukwa akalira amalume adzuka n'kulowa m'nyumba. Woonera ndi amene amalira tsopano. Stanislavski ndi ameneyo.

Fuwa lachiwiri ndi Yat Malmgren mwini wake, ndipo ameneyu ndimamukonda. Anabadwa ku Sweden mu 1916, anali katswiri wovina asanakhale mphunzitsi wa zisudzo. Anatenga nzeru za Rudolf Laban, munthu amene anathera moyo wake akufufuza kayendedwe ka thupi, n'kuziphatikiza ndi maganizo a Carl Jung pa mitundu ya anthu. Laban ankati kusuntha kulikonse kuli ndi zinthu zinayi: kulemera kwake, njira imene kukudutsa, nthawi yake, ndi kumasuka kapena kumangika kwake. Mukasakaniza zitatu zoyambazo mumapeza machitidwe asanu ndi atatu. Zikumveka za m'kalasi eti? Taonani kuno.

[Aimirira, akankhira mpando kumbali]

Mayi akusinja mumtondo: mwamphamvu, molunjika, mwadzidzidzi. Anyamata akukankha minibasi yofa pa Wenela: mwamphamvu, molunjika, koma mosalekeza. Kufinya chitenje chonyowa: mphamvu ilipo, koma mopotokola, pang'onopang'ono. Kutchetcha udzu ndi chikwakwa: mphamvu, changu, dzanja likuzungulira. Zinayi zolemera zimenezo. Zopepuka: kudina foni, kuingitsa ntchentche pa nsima, kusalaza nsalu ya patebulo ndi chikhatho, ndi utsi wa mbaula ukamakwera wokha m'mwamba. Zakwana zisanu ndi zitatu.

Tsopano tengani mawu amodzi okha, "khalani pansi". Anenereni ngati mukusinja. Khalani pansi! Ameneyo ndi wapolisi. Anenereni ngati mukufinya chitenje. Khalaani paansi. Ameneyo ndi apongozi amene amva mbiri yanu. Anenereni ngati mukuingitsa ntchentche. Ameneyo ndi kalaliki wa muofesi amene sanakuyang'aneni n'komwe. Mawu omwewo, anthu atatu. Malmgren ankaphunzitsa ophunzira ake kupeza mtima wa munthu poyambira pa mmene amanyamulira thupi. Sean Connery, James Bond woyamba wa m'mafilimu otchuka aja, anaphunzirako kwa Malmgren payekha. Mukadzamuonanso akulowa m'chipinda mufilimu, muyang'ane mayendedwe, musayang'ane suti.

Ndisanaiwale, amene muli mu Blantyre muno, Loweruka lililonse m'mawa timakumana kagulu kathu kuyeserera zinthu ngati zimenezi. Sitilipiritsa, mungobwera ndi zovala zoti mutha kugona nazo pansi. Lembani m'makomenti kuti "ndikubwera", ndikuyankhani komweko.

Fuwa lachitatu ndi masewero akale a ku Ulaya, gawo limene Christopher Fettes ankalikonda kwambiri: a Agiriki, a ku Spain ngati a Calderón ndi Lope de Vega, a ku France ngati a Racine, a Shakespeare ndi anzake a nthawi yake, a Chekhov, a Ibsen. Apa ndi pamene Azungu amati "classical acting", kutanthauza luso loseweretsa masewero akale olemera mawu. Ndipo apa ndi pamene pagona bodza lija.

Chachitatu, bodza. Khalani bwino pampando.

Bodza lake ndi ili: kuti zisudzo za classical ndiye kulankhula Chingelezi cha m'mphuno, kufuula mpaka mitsempha ya m'khosi kuoneka, ndi kutambasula manja ngati ukuitana mvula. Ndalimva kwa aphunzitsi, ndalimva kwa oweruza mipikisano, sabata yatha ndaliwerenganso m'makomenti a vidiyo ija ya Shakespeare. Achimwene amene munalemba kuti Mmalawi sangathe classical chifukwa lilime lathu ndi lolemera, ndikudziwa mukuonera. Vidiyo ino ndi yanu.

Ndiyambe ndi manyazi anga. Ndili Fomu 3 anandipatsa kukhala mfumu m'sewero la mpikisano. Chovala chinali nsalu ya pabedi, chisoti cha katoni chomatidwa ndi pepala lonyezimira. Aphunzitsi athu, munthu wabwino ndithu, anandiuza zinthu ziwiri: lankhula ngati wowerenga nkhani pa wailesi ya ku London, ndipo munthu wakhala kumbuyo kwenikweni kwa holo akumve. Ndinafuula kuyambira mzere woyamba. Pofika pakati pa sewero mawu anathawa, mfumu inayamba kunong'ona ngati mbala, anzanga akuseka kuseri kwa katani. Pomaliza mmodzi wa oweruza, mayi wachikulire, anandiitanira pambali. Sanakambe za mawu othawawo. Anangondifunsa kuti kodi mfumu yangayo imafuna chiyani kwa anthu ake. Ndinalibe yankho. Miyezi itatu ndikuloweza mawu, funso limenelo sindinadzifunsepo.

Tsopano tiyeni tiliphwanye bodzali.

Yang'ananinso mafuwa aja. Stanislavski, wa ku Russia. Laban, wobadwira mumzinda umene lero ndi Bratislava. Jung, wa ku Switzerland. Malmgren, wa ku Sweden. Doreen Cannon, wa ku America. Sukulu imene inatchuka ku London ndi masewero akale inamangidwa pa nzeru za anthu amene ambiri mwa iwo Chingelezi sichinali chilankhulo cha amayi awo. Ndipo masewerowo? Calderón analemba m'Chisipanishi. Racine m'Chifalansa. Chekhov m'Chirasha. Sophocles m'Chigiriki. Ophunzira a ku Drama Centre ankasewera zomasulira. Ndiye ngati sewero la Mgiriki likhalabe classical litamasuliridwa m'Chingelezi, likalowa m'Chichewa lisiyiranji? Ndani anakhazikitsa lamulo limenelo, ndipo analikhazikitsira pabwalo la mfumu iti?

Chinanso, sukuluyi inabadwa chifukwa chokana zomwezo zimene ife timaziyesa classical. Anthu aja sanachoke ku Central kuti akaphunzitse ana kutchula bwino mawu. Kumene anachokako n'kumene kunali akatswiri a zimenezo. Iwo ankafuna wazisudzo woganiza, wodziwa chimene thupi lake likunena.

Za Shakespeare nazo tinazimva mopotoka. Timamuona ngati wa anthu ovala mataye chifukwa tinakumana naye pa mayeso a MSCE, tikuloweza mayankho usiku ndi kandulo. Koma bwalo lake la Globe, lomangidwa mu 1599, linalibe denga pakati, sewero linkachitika masana, ndipo anthu wamba ankalipira kobiri imodzi n'kuimirira kutsogolo kwa siteji, akudya, akuyankhira. Zikufanana kwambiri ndi gulu la zisudzo likafika pamsika wa Ndirande kusiyana ndi kalasi ya Literature. Ndipo akatswiri ofufuza katchulidwe ka nthawi imeneyo amati Chingelezi chake sichinkamveka ngati cha wowerenga nkhani wa lero. Ndiye kamvekedwe kamene aphunzitsi anga ankafuna kuti nditsanzire, Shakespeare mwini wake sanakamvepo.

Anzathu a mu Africa muno anazindikira kalekale. Sol Plaatje wa ku South Africa anamasulira Shakespeare m'Chitswana, buku linatuluka mu 1930. Julius Nyerere, ali mtsogoleri wa Tanganyika, anamasulira Julius Caesar m'Chiswahili, ndipo linatuluka chaka chiti? 1963. Chaka chomwe chija anthu akusesa tchalitchi ku Chalk Farm.

Nanga kufuula? Inde, Agiriki ankasewera m'mabwalo aakulu, la ku Epidaurus limalowa anthu pafupifupi 14,000, ndipo ankavala zigoba kumaso. Koma taganizani, nkhope ikabisika chimatsala n'chiyani? Thupi. Phewa, khosi, kapondedwe ka phazi. Ife Amalawi sitifunika Mzungu kutiuza zimenezi. Aliyense amene anaimapo pabwalo gule atatuluka akudziwa kuti chilombo chimadziwika ndi mayendedwe chisanayandikire n'komwe. Sindikuti Gule Wamkulu ndi sewero la pasiteji, akuluakulu musandilembere makalata, ndi mwambo ndipo uli ndi eni ake. Ndikungoti maso athu anaphunzira kale kuwerenga thupi.

Kumveka ndi kufuula ndi zinthu ziwiri. Mawu ofika kumbuyo kwa holo amachokera pa mpweya wa m'mimba ndi pa kutsiriza bwino mawu alionse, sachokera pakhosi. Tamverani nkhoswe yodziwa ntchito ikulankhula pa chinkhoswe, kapena mfumu ikupereka mawu pamaliro popanda chimkuzamawu. Sakuwa. Amaima, amapuma, amaponya mwambi, amadikira kuti ufike. Chiganizo chachitali chokhotakhota amachinyamula mpaka kumapeto osachigwetsa. Luso limenelo, lonyamula mawu olemera ndi ganizo lalitali pamaso pa khamu, ndi limene ophunzira a masewero akale amalifunafuna zaka zitatu. Ife tili nalo kumudzi, koma tikakwera pasiteji timalisiya pakhomo pamodzi ndi nsapato n'kuyamba kutsanzira wailesi.

Ndinati tibwerera kwa Du Chisiza Jr. Anayamba kudziwika ali mwana wasukulu ku HHI kuno ku Blantyre, pamipikisano ya zisudzo ya m'sukulu za sekondale, ndipo mu 1987 anayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre. Masewero ake ambiri anali a m'Chingelezi, koma funsani amene ankadzaza French Cultural Centre masiku amenewo, imene pano timati Blantyre Cultural Centre, ngati ankapitira katchulidwe. Ankapitira nkhani zimene ena ankaopa kuzinena. Mbali inayi a Kwathu Drama Group ankadzaza malo omwewo m'Chichewa. Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi, ankadziwa nthawi yoponya mawu ndi nthawi yokhala chete kuposa ambiri amene ali ndi madigiri a zisudzo. Chete ameneyo Malmgren akanamuzindikira.

Ngati mukugwirizana nane dinani like. Ngati simukugwirizana nane dinaninso like kenako mukanditsutse m'makomenti, makinawa sasiyanitsa.

Chachinayi, dzina lija la "Trauma Centre". Amene simunalimve bwino, trauma centre ndi kumene amathamangira ndi anthu ovulala pangozi. Anangosintha "drama" kukhala "trauma", dzina n'kumamatira. Maphunziro anali owawa: maola ataliatali, aphunzitsi odzudzula mosapsatira pamaso pa anzako, ndipo si onse oyamba amene ankamaliza. Ena ankachotsedwa, ena ankachoka okha. Michael Fassbender anachoka asanamalize. Tom Hardy anadukiza maphunziro atapeza mwayi m'kanema wa pa TV wa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse amene anatuluka mu 2001, momwenso Fassbender anasewera.

Komabe mndandanda wa odutsa pamenepo ndi woopsa. Pierce Brosnan, amene anakhala James Bond m'mafilimu anayi kuyambira 1995 mpaka 2002. Colin Firth, amene anasewera Hamlet wa Shakespeare ali pasukulupo, n'kudzapata Oscar mu 2011. Simon Callow, Frances de la Tour, Helen McCrory, Paul Bettany, Emilia Clarke amene anamaliza mu 2009.

Pano pali kabodza kena kakang'ono, koti wazisudzo umayenera kumuswa kaye kuti umuumbe bwino. Ine sindikavomereza. Timawerenga mayina a amene anatchuka, a amene anabwerera kwawo atasweka sitiwawerenga chifukwa palibe amawalemba. Ndaonapo otsogolera masewero kuno akutukwana ana a sukulu poyeserera, amvekere ndi mmene amachitira kunja. Akulu, mwatengako ukali wokha, Laban mwamusiya kuti? Nkhani imeneyi ikufunika vidiyo yakeyake.

Chachisanu, inatha bwanji. Mu 1999 sukuluyi inalowa pansi pa Central Saint Martins, koleji ya zaluso imene pano ili mbali ya University of the Arts London. Malmgren anamwalira mu 2002. Sukuluyi inasamuka m'tchalitchi muja kupita ku Clerkenwell, kenako ku King's Cross mu 2011. Kasukulu kamene kanayamba ndi kugalukira mabwana kanapezeka kali kanthambi m'yunivesite yaikulu, yokhala ndi malamulo ake, mafomu ake ndi owerengera ndalama ake. Yunivesite inachititsa kauniuni amene sanakhutire ndi kayendetsedwe ka maphunziro ndi nkhani yopereka mwayi wofanana kwa ophunzira, ndipo mu Malichi 2020 inalengeza kuti Drama Centre itsekedwa. Amene anali kale m'kati anawalola kumaliza, atsopano ayi. Kuchokera 1963, zaka 57.

Central ija anaithawa ilipobe, ndipo pano dzina lake lili ndi "Royal" kutsogolo.

Ntchito ya sabata ino: tengani foni, mujambule masekondi 20 mukunena "ndabwera kudzatenga ndalama zanga" kawiri, koyamba ngati mukukankha minibasi, kachiwiri ngati utsi wa mbaula. M'Chichewa, m'Chiyao, m'Chitumbuka, m'Chisena, mmene mungafunire, bola osati m'mphuno. Atatu amene andigwire mtima ndiwaonetsa m'vidiyo ya Lachisanu, imene tikambe za magulu a zisudzo oyendayenda a ku Chancellor College. Amene mumafunsa za malaya a tchanelo chino, afika, zambiri zili m'munsimu. Achimwene a lilime lolemera aja, vidiyo yanu ndikuidikira kuposa ya wina aliyense.